Nsanje ya Bento mu Dom Casmurro: ndiionetse bwanji pomwe wosimba nkhani ndi mwini nsanjeyo?

Nabanda

Moni nonse. Ndikulemba chimangirizo cha masamba asanu pa mfundo ya nsanje m'buku la mlembi wa ku Brazil, Machado de Assis, lotchedwa Dom Casmurro, lija linasindikizidwa mu 1899. Pamene pandivuta ndi apa. Ndikufuna kuonetsa kuti nsanje ya Bento Santiago ilibe mutu, koma zonse zimene tikudziwa za mkazi wake Capitu tikuzimva pakamwa pa Bento yemweyo. Wodandaula ndi iye, mboni ndi iye, woweruza ndi iyenso. Ndikati Capitu sanayende ndi Escobar, mnzake wapamtima wa Bento, umboni ndilibe. Ndikati anayenda naye, ndiye kuti ndangomeza zonena za mwamuna wansanje osatafuna. Ndime zanga zonse zikumathera pa funso loti mwana wa Capitu uja, Ezequiel, bambo wake ndi ndani, nsanje n'kutsalira m'mbuyo.

Inu amene mukulidziwa bwino bukuli, ndiyambire pati? Mwa mitu 148 ija nditengepo iti? Nanga kusaganiza bwino kwa munthu ndingakugwire bwanji m'mawu a munthu wolemba mofatsa ndi mwaluso chonchi?

Chatsalira

Mayi Nabanda, ndime zanu zikuthera kwa Ezequiel chifukwa mwalowa m'bwalo la milandu limene Bento anadzikonzera yekha. Mkuluyu ndi loya, zamalamulo anakaphunzira ku São Paulo, ndipo nkhani yonse waiyala monga amayalira mlandu: woimbidwa ndi Capitu, ife owerenga tagawiridwa mipando ya oweruza. Tulukanimo m'bwalomo. Mfundo yanu ndi nsanje, choncho wofunika kumuunika ndi Bento.

Tengani pepala, muligoneke chopingasa, mujambule mizere itatu yotsika kuti pakhale madanga anayi. M'danga loyamba muzilemba nambala ya mutu. M'lachiwiri, chokhacho chimene maso a Bento anaona kapena makutu ake anamva, mutachotsa mawu onse okometsera. M'lachitatu, tanthauzo limene iye akupereka. M'lachinayi, nthawi imene tanthauzolo linamufikira: tsiku lomwelo kodi, kapena patapita zaka? Danga lomalizali anthu ambiri amalisiya, chonsecho ndi momwe muli mnofu.

Yambani ndi mutu 62. Bento akadali mnyamata ku seminale ya São José, ndipo José Dias, bambo wodalira banja la Bento yemwe amakhala pakhomo pawo, wabwera kudzamuona. Bento akufunsa za Capitu. José Dias akuyankha kuti mtsikanayo ndi wosangalala monga mwa masiku onse, n'kuponyapo kamawu koti adzakhala choncho mpaka atakola kamnyamata kena ka m'dera lomwelo koti kamukwatire. Basi. M'danga lachiwiri mulemba kuti Bento sanaone kanthu, wangomva mawu a munthu amene kale lomwe sankafuna kuti ana awiriwa ayandikane. M'lachitatu mulemba zimene mutu wake ukupeka pompo: kuyang'anana, kupatsana maluwa, ndi zina zotsatira. Apa Escobar sanakhale n'komwe munthu wokayikiridwa. Matenda afika kale, mwini wake woti amunamizire sanapezeke.

Kenako mutu 73 mpaka 76. Mnyamata wina wotchena akudutsa pa hatchi, akuyang'ana Capitu ali pazenera, Capitu akumuyang'ananso. Chimene chaoneka ndi chomwecho. Koma mu mutu 75 Bento wadzitsekera m'chipinda, akugubuduka pabedi, akulakalaka kuzika zikhadabo zake m'khosi mwa mtsikanayo mpaka moyo utachoka. Yezani kukula kwa chochitika ndi kukula kwa mkwiyo, ndipo muyeso umenewo ndiwo umboni wanu woyamba wa maganizo osayenda bwino. Simukufunika kudziwa za m'mtima mwa Capitu kuti muone kuti ziwirizi sizikulingana. Mu mutu 76 zikudziwika kuti wapahatchiyo anali pafupi kukwatira mtsikana wina.

Bento ndi Capitu akwatirana mu 1865. Mutu 105 ndi wa mikono: Capitu akupita kovina mikono ili pamtunda, poyamba Bento akunyadira, kenako zikumuwawa kuti amuna ena akuiona, mpaka mkaziyo akuyamba kuiphimba. Mutu 107 dzina lake lomwe likunena za kuchitira nsanje nyanja, chifukwa Capitu anaiyang'ana nthawi yaitali osamvetsera zimene mwamuna wake ankamuphunzitsa za nyenyezi. Pofika mutu 113 mwini wake akuvomera kuti anafika pochitira nsanje chilichonse ndi wina aliyense. Mawu amenewo alembeni ndi inki yofiira, ndi mboni ikudziulula yokha.

Tsopano yang'anani danga lachinayi pa mitu iwiri imene owerenga amaitenga ngati umboni wamphamvu. Mu mutu 106 Capitu akuonetsa mapaundi 10 amene anasunga kuchokera pa ndalama za pakhomo, ndipo amene anamusinthira ndalamazo ndi Escobar, yemwe anafika panyumba Bento kulibe. Tsiku limenelo Bento anakondwa, ubwenzi wake ndi Escobar n'kukulirakulira. Mu mutu 113 Capitu akuti sakupeza bwino, Bento akupita yekha kukaonera chisudzo, akubwerako msanga, n'kupeza Escobar pakhomo atabwera ndi nkhani ya mlandu wina. Tsiku limenelonso sanamuganizire choipa mnzakeyo. Zinthu ziwirizi zikusanduka umboni pambuyo pake, Escobar atamira m'nyanja ku Flamengo m'mwezi wa Malichi 1871. Ndiye kuti chigamulo chinayamba kubwera, umboni n'kumakasakidwa m'mbuyo kuti udzachichirikize.

Chigamulocho chikugwa mu mutu 123, pamaliro. Tsukani mutu umenewu bwinobwino muone chotsala: mkazi akuyang'anitsitsa mtembo wa bwenzi la banja, mwamuna wa mnzake wapamtima Sancha, akugwetsa misozi pang'ono mwakachetechete, n'kuipukuta msanga. Zakuti kuyang'anako kunali kwa chikondi, zakuti maso ake anali ngati funde lobwerera lofuna kumeza wosambirayo, zonsezo ndi za danga lachitatu. Fanizo la fundelo si la tsiku la maliro ayi. Linayamba mu mutu 32, ndipo nalonso linamera pa mawu a José Dias a mu mutu 25, amene anauza mnyamatayo kuti maso a Capitu ndi oyang'ana cham'mbali, obisa za mumtima. Bento anapita kukayang'ana m'maso mwa mtsikanayo atauzidwa kale choti akapezemo. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Mukadzaza pepalalo mupeza kuti danga lachiwiri ndi lopyapyala kwambiri pomwe lachitatu likusefukira. Kusiyana kumeneko ndiko chimangirizo chanu.

Nasibeko

Njira ya a Chatsalira ndi yabwino, koma ili ndi dzenje limene ophunzira amagweramo kawirikawiri. Munthu akaona kuti danga lachiwiri ndi lopyapyala amathamangira kulemba kuti Capitu ndi wosalakwa, mlandu watha. Potero wabwerera m'bwalo lomwe lija, wangosintha mbali. Machado sanatipatse mwayi umenewo. Anasiyamo dala tizinthu tolasa mbali zonse. Mu mutu 115 amayi ake a Bento, Dona Glória, ayamba kuzizira kwa mpongozi wawo ndi kwa mdzukulu yemwe, chifukwa chake sichikunenedwa. Mu mutu 116 José Dias akuitana mwanayo ndi mawu a m'buku la mneneri Ezekieli oti mwana wa munthu, Capitu n'kupsa mtima. Ndipo m'mitu yoyambirira tamuona Capitu ali ndi zaka 14 akudziwa kubisa nkhope yake pamaso pa makolo ake, pomwe Bento wa zaka 15 akungonjenjemera. Muziike zimenezi m'ndime imodzi moona mtima, kenako munene chimene chili chofunika: ngakhale Capitu akanakhala kuti analakwadi, njira imene Bento anafikira pa chikhulupiriro chake ndi yokhota. Munthu akhoza kulasa nyama maso ali chitsinzire, koma sitimutcha mlenje.

Za kufanana kwa mwana ndi Escobar, muzigwire motere. Mu mutu 131, kumayambiriro kwa 1872, amene akutchula za maso a mwanayo si Bento, ndi Capitu, ndipo akuti maonekedwe a maso oterowo anawaonapo pa anthu awiri, mnzawo wa bambo ake ndi malemu Escobar. M'mitu 112 ndi 116 tauzidwa kale kuti Ezequiel ndi katswiri wotsanzira anthu, mayendedwe ndi kagwedezedwe ka mutu komwe. Ndipo kutali m'mbuyo, mu mutu 83, Gurgel, bambo wa Sancha, akuonetsa Bento chithunzi cha malemu mkazi wake, wofanana ndi Capitu chonsecho palibe ubale. Mlembi sanaike chithunzi chimenecho pachabe. Bento yemwe akuchikumbukira mu mutu 140, n'kuchikankhira kumbali.

Koma chimene ndikufuna musachiphonye ndi mutu 118, chifukwa Chichewa chathu chimatithandiza apa. Timasiyanitsa nsanje ndi kaduka. Nsanje ndi ya chimene uli nacho, ukuopa kulandidwa. Kaduka ndi ka chimene mnzako ali nacho iwe ulibe. Usiku woti mawa lake Escobar amira, mabanja awiriwa ali pamodzi, akukambirana zodzapita ku Ulaya. Sancha akugwira dzanja la Bento nthawi yotalikirapo, ndipo Bento akumukhumba mkazi wa mnzakeyo, akugona nazo m'mutu. Usiku womwewo Escobar akumuuza kuti akhudze mikono yake yosambirira, Bento akuikhudza n'kuvomera kuti inamuchititsa kaduka, popeza iye kusambira sadziwa. Escobar ndi wamphamvu, wochenjera pa masamu, wadzikweza yekha ndi malonda a khofi, ndiponso ndi amene anapeza nzeru yomutulutsira Bento ku seminale, yoti Dona Glória alipirire mwana wina wamasiye kuti akhale wansembe m'malo mwake. Mwana anayamba kubereka ndi Escobar, pamene kwa Bento zaka zinkapita nyumba ili zii.

Ndiye werengani 118 ndi 123 motsatizana. Amene tikudziwa motsimikiza kuti anasirira mkazi wa mwini, chifukwa waulula yekha, ndi Bento. Patangopita nthawi yochepa akuona tchimo lomwelo m'maso mwa mkazi wake. Ine ndimaona kuti apa ndiye pamtima pa bukuli, ndipo chimangirizo chodumpha mutu 118 chimakhala chopanda msana.

Nabanda

Zikomo kwambiri nonse awiri, pepala lija ndayamba kale kudzaza. Funso lina: ambiri amafanizira bukuli ndi Othello wa Shakespeare. Kodi m'masamba asanu muli malo a zimenezi, kapena ndingozisiya? Ndikuopa kuti ndingathe tsamba lonse ndikufotokoza chisudzo china m'malo mwa buku langa.

Mbewe wa Mabuku

Achemwali, musazisiye, koma musapitirire ndime imodzi, ndipo musafotokoze chisudzocho. Chofunika si chakuti nkhani ziwirizi n'zofanana. Chofunika ndi mmene Bento akuonerera Othello, chifukwa pamenepo ndi pamene mungaonetse maganizo okhota ali pantchito, owerenga akuona ndi maso awo.

Mu mutu 135 Bento ali ndi poizoni m'thumba amene wagula kuti adziphe, ndipo akulowa m'nyumba ya zisudzo n'kupeza akuonetsa Othello. Aliyense woonera chisudzocho amatulukamo akudziwa kuti Desdemona, mkazi wa Othello, anafa wosalakwa, kuti kampango kamene anamuimbira nako mlandu sikanali umboni wa kanthu, kuti mwamunayo ananamizidwa. Munthu woganiza bwino akanadzifunsa ngati nayenso sanakoledwe ndi kampango kakekake. Bento akutulukamo ndi phunziro lotembenuka: ngati wosalakwa anaphedwa chotero anthu n'kuwomba m'manja, nanga wolakwa ngati Capitu ayenera chilango chotani? Akufika poganiza kuti woyenera kufa si iye koma mkaziyo. Chenjezo lasanduka chilolezo. Lembani zimenezo m'ziganizo zinayi kapena zisanu, mwamaliza.

Mukatero pitani ku mitu 136 mpaka 139 mosadumpha, chifukwa ndi pamene nsanje ikuchoka m'mutu n'kufika m'manja. Akuthira poizoni m'kapu ya khofi. Mwana akulowa akuitana bambo ake. Bento akumufunsa ngati wamwa kale khofi, akufikitsa kapuyo kukamwa kwa mwanayo, kenako akubwerera m'mbuyo, akumupsompsona pamutu, n'kumuuza kuti iye si bambo ake. Onani msinkhu wa mwanayo, onani kuti sanalakwe kanthu ngakhale nkhani ya chigololo ikanakhala yoona. Capitu akulowa, akumva mlanduwo, akudabwa kuti ngakhale akufa sakupulumuka ku nsanje ya mwamuna wake, ndipo akunena kuti gwero la zonsezi ndi kufanana kongochitika mwangozi. Kenako onse awiri akuponya maso pa chithunzi cha Escobar, ndipo Bento akuti kumeneko kunali kuvomera. Koma taganizani, wina atangokuuzani kuti mwana wanu akufanana ndi munthu amene chithunzi chake chili m'chipinda momwemo, maso anu angapite kuti?

Pa mbiri ya kawerengedwe ka bukuli, chiganizo chimodzi chikukwanirani. Kwa zaka pafupifupi 60 owerenga ambiri ankangokhulupirira Bento. Amene anagwedeza zimenezi ndi Helen Caldwell wa ku America, yemwe anamasulira bukuli m'Chingerezi mu 1953, kenako mu 1960 n'kutulutsa buku lomuteteza Capitu. Iye anaonetsanso kuti m'dzina loti Santiago muli Iago, amene ananamiza Othello uja, kutanthauza kuti wonamiza ndi wonamizidwa akhala m'thupi limodzi. Mutu 62 umene a Chatsalira ayambira uja dzina lake likutchulanso Iago, kunena José Dias. Koma José Dias anangoyatsa kamoto kamodzi, pambuyo pake anasanduka wotamanda Capitu. Nkhuni zonse zotsatira ankasonkhezera ndi Bento.

Chinthu china chimene ophunzira amachiiwala ndi mphamvu. Nsanje ya munthu wamba imathera m'kulira ndi kukangana. Ya Bento ili ndi chuma kumbuyo. Iye ndi mwana mmodzi yekha wa mayi wamasiye wokhala ndi nyumba zobwereketsa ndi akapolo, mu Rio de Janeiro wa nthawi imene ukapolo unali usanathetsedwe, paja unatha mu 1888. Capitu ndi mwana wa Pádua, kalaliki wa boma wa malipiro ochepa, woyandikana nawo nyumba mu msewu wa Matacavalos. N'chifukwa chake mu mutu 141 Bento akutha kunyamula mkazi ndi mwana n'kukawasiya ku Switzerland popanda womufunsa. Capitu akumulembera makalata ofatsa, opanda chidani, iye akuyankha mwachidule ndi mouma. Akumapita ku Ulaya osakamuona, n'kumabwerera ndi nkhani zopeka zouza achibale. Wolemba buku lonse loimba mkazi wake mlandu wa chinyengo akutiuza yekha kuti ananamiza anthu kwa zaka.

Chatsalira

Ndiwonjezere za kagawidwe ka masamba asanuwo, popeza zimene tanenazi n'zambiri kuposa malo amene muli nawo. Theka la tsamba loyamba likhale la wosimba nkhani: ndi nkhalamba yokhala yokha ku Engenho Novo, m'nyumba imene anamangitsa motengera ya ubwana wake, ndipo mu mutu 59 akuvomera kuti chikumbumtima chake cha zakale n'chofooka, moti sakumbuka ngakhale mtundu wa buluku limene anavala dzulo. Mboni yotere ikufotokoza kayang'anidwe ka maso ka zaka makumi angapo zapitazo. Tsamba limodzi ndi theka lipite ku 62, 73 mpaka 76, ndi 105 mpaka 113. Tsamba lathunthu lipite ku 118 ndi 123 monga anenera mayi Nasibeko, ndipo ndikuvomereza kuti pamenepo ndinapadumpha molakwa. Lotsatira likhale la Othello ndi kapu ya khofi. Ndime ya zinthu zolasa Capitu muiike musanafike kumapeto, isakhale yomaliza.

Samalani ndi mneni. Musalembe kuti Capitu anayang'ana mtembo mwachikondi. Lembani kuti Bento akuti anauyang'ana mwachikondi. Kamawu koti "akuti" kakasowa m'chiganizo chimodzi chokha, mwabwereka maso a Bento osadziwa, ndipo wowerenga watcheru akugwirani pomwepo. Potchula malo gwiritsani manambala a mitu, osati a masamba, chifukwa mabuku omasuliridwa amasiyana masamba. Onetsetsaninso kuti lanu likufika pa 148, popeza pali kumasulira kwina kwa Chingerezi kumene kunadumpha mitu ingapo, ndipo manambala amene takupatsaniwa sangagwirizane nako.

Ndime yomaliza muitenge mu 145 ndi 146, osati mu 148 mmene Bento akupereka chigamulo chake. Capitu wamwalira ku Switzerland, Ezequiel wabwera ali mnyamata wamkulu, ndipo Bento akuona Escobar yekhayekha mwa iye. Panthawiyo wachibale wotsala amene anamudziwa Escobar n'kuthanso kuyerekeza nkhope ziwirizi ndi Justina, msuweni wa Dona Glória, ndipo akupempha kuti amuone mnyamatayo. Bento akutchinga, n'kutiuza yekha kuti anachita dala, mpaka mayiyo akumwalira osamuona. Kenako akulipirira ulendo wa Ezequiel wokafukula zinthu zakale, mumtima akumufunira khate. Patapita miyezi 11 mnyamatayo akufa ndi taifodi, akuikidwa kufupi ndi Jerusalem, ndipo tsiku limene uthenga unafika Bento akuti anadya bwino chakudya chamadzulo n'kupita kukaonera zisudzo.